Kusintha Injini ya Kathirakita ka M'dimba

Mvula ikatha, madzi nayamba kuphwa m'madambo, ndiyo nyengo imene mlimi wa repu, kabici, matimati ndi anyezi afuna kuti zipangizo zace zonse zikhale zamoyo. Koma poyenda m'midzi ndi m'mapulazi ang'onoang'ono ndapeza kawirikawiri kathirakita ka mawilo awiri, kaja munthu amakayendetsa ali pambuyo atagwira zigwiriro monga agwirira pulawo ya ng'ombe, kali gone patsinde pa mtengo wa mango, nkhuku zirikuikira pansi pace. Mukafunsa mwini wace, yankho ndi limodzi kuli konse: "Injini inafa."

Tsono nkhani yanga lero ndi ya kuika injini yina pa kathirakita kotere. Nchitoyi njotheka, ndipo nthawi zambiri njanzeru, pakuti magiya ndi zitsulo za thirakita zikhala zaka zambiri koposa injini, imene imeza pfumbi tsiku ndi tsiku. Koma yadyera anthu ndalama zambiri cabe cifukwa ca funso limodzi lofulumira. Munthu alowa m'sitolo nafunsa kuti, "Kodi injini iyi nja mahosipawa angati?" Funso limenelo liyenera kudza potsiriza. Loyamba nlakuti, kodi injini iyi idzagwirizana ndi makina anga? Ndipo yankho lace silicokera m'kamwa mwa wogulitsa iai, licokera ku coyesera.

Tiyambe taona ngati injini yakale yafadi, pakuti ambiri aika m'manda injini yongokomoka. Injini ya petulo ifuna zinthu zitatu kuti irire: moto wa pa pulagi, petulo woyera, ndi mpweya. Petulo akagona m'thanki miyezi yonse ya dzinja asanduka ngati ulimbo natseka timabowo ta m'kabureta. Pulagi ikhoza kuda ndi mwaye. Sefa ya mpweya ikhoza kudzala pfumbi. Awa ndi matenda a tsiku limodzi. Koma ngati injini irikufuka utsi wa buluu ndi kumwa oilo kosaleka, ngati igogoda m'kati mwace, ngati pokoka cingwe cingobwera copepuka monga mulibe kanthu, kapena ngati citsulo cogwira pisitoni cathyoka ndi kubowola nthiti ya injini, pamenepo nkhani yakula. Funsani mtengo wa zitsulo zonse zofunika pamodzi ndi malipiro a makanika. Ine ndiyesa kuti zikapitirira theka la mtengo wa injini yatsopano, kukonza nkutaya ndalama. Ndiponso ziripo injini zina zimene zinaleka kupangidwa, monga za Acme za ku Italy zimene zinali pa mathirakita akale a BCS. Zitsulo zace nzobvuta kupeza ngakhale muli nazo ndalama m'manja.

Mukatsimikiza kuti yafa, yang'anani njira imene mphamvu iyendamo kucokera ku injini kunka ku mawilo. Pali mitundu iwiri. Wina ndi wa lamba: injini ikhala pa yokha pa mbale yacitsulo kutsogolo, ndipo lamba acokera pa pule ya injini kunka pa pule ya giyabokosi. Pule ndilo gudumu lija la ngalande m'mene lamba ayendamo. Otere ndiwo mathirakita a Dongfeng a ku China, ndiponso a David Bradley amene a Sears anayamba kugulitsa ku America mu 1946. Lamba ndi mkhalapakati wofatsa. Alola injini ya mtundu wina malinga miyeso igwirizane. Mtundu winawo ulibe lamba: injini imangidwa ndi mabauti pamphumi pa giyabokosi, ndipo shafiti yace ilowa m'kilachi mwenimweni. Otere ndiwo a BCS ndi a Grillo a ku Italy. Pa amenewa mabowo a mabauti, utali wa shafiti ndi maumbidwe a nsonga yace ziyenera kufanana kotheratu, ndipo posintha mtundu wa injini pafunika mbale yolumikizira ndi kilachi yopangidwira injini imeneyo. Gravely Model L ya ku America inapitirira apo, pakuti injini yace ndi giyabokosi zinali kugawana oilo mmodzi. Inu amene muli ndi makina opanda lamba, musagule kanthu musanafunse ogulitsa makina a mtundu wanuwo. Zotsalazi ndinena makamaka kwa eni makina a lamba.

Shafiti ndiyo mpini wacitsulo wozungulira, wotuluka m'nthiti mwa injini, pamene pule ibvekedwa. Apa ndipo pagona nkhani. Injini zazing'ono za petulo zodziwika kopambana masiku ano ndi za Honda GX160 ndi GX200, pamodzi ndi zina zambiri za ku China zopangidwa motsanzira izo. Kunja zioneka zofanana ngati mapasa, koma mashafiti ace ngosiyana. Ina nja muyeso wa ku America, magawo atatu a magawo anai a inchi, ndiwo mamilimita 19.05, ina nja mamilimita 20. Kusiyana kwace sikufika ndi milimita imodzi yomwe, ndipo diso silingakuone.

Amalume anga, amene alima dimba m'mbali mwa mtsinje kwathu kum'mawa, anaciphunzira ici mowawa, ine ndiri pomwepo pa chuthi. Caka cimeneco anagulitsa mbuzi zao nakwera basi kunka ku tauni, nabwera nayo injini yofiira yonyezimira. Pule yakale, ya bowo la mamilimita 20, inalowa pa shafiti mosabvuta konse. Ine ndinati, "Amalume, kodi siirikugwedera imeneyi?" Iwo anati, "Iwe mphwanga, za makina uzidziwira kuti, si iwe wa pa wailesi? Tenga citini ico." Tinadula kacidutswa ka citini ndi kukakulunga pa shafiti, pule nigwira. Sindibisa, inenso ndinakondwera nazo nzeru zimenezo. Makinawo analima bwino masiku atatu. Tsiku lacinai pule inayamba kubvina, lamba nang'ambika, ndipo kiyi, kacitsulo kaja kogona m'ngalande ya shafiti kuti pule isaterereke, inatafuna ngalandeyo kufikira inasanduka cigwembe. Injini ya masiku anai inayenera kupasulidwa yonse kuti aikemo shafiti yina. Pamene tinali kuyembekeza citsuloco, mbande za matimati zinakalambira pa nazale, ndipo amalume anafika nao matimati ao pamsika anzao onse atadzaza kale mabokosi, mtengo utagwa. Akulu anati safunsa anadya phula; ife phula lathu tinalidya cifukwa ca kusayesa.

Cifukwa cace yesani shafiti yakale ndi coyesera ca amakanika cija acicha veniya, osati ndi rula ya mwana wa sukulu. Mukasowa veniya, nyamulani pule yeniyeniyo kunka nayo ku sitolo ndi kuibveka pa injini musanalipire. Iyenera kulowa mothina, yokankhidwa ndi dzanja, osagwedera ngakhale pang'ono. Kiyi nayonso isiyana: ya shafiti ya ku America nja mamilimita 4.76 m'mimba mwace, ya inzace nja mamilimita 5. Ndipo bauti ya kunsonga kwa shafiti iri ndi mazinga osiyana pa mitundu iwiriyi, kotero kuti mukaikakamiza mudzapha mazingawo. Pa injini zazikulupo, monga GX390, msampha ndi womwewo: ina nja inchi imodzi, ndiwo mamilimita 25.4, ina nja mamilimita 25. Yesaninso utali, kuti pule yonse ikhale pa citsulo, yosalendewera kunsonga. Miyeso ikasiyana, musataye mtima: gulani pule yina ya bowo loyenera, kapena pitani nayo kwa eni makina osemera zitsulo kuti akuze bowo kapena aikemo mphete yothina. Pule njotsika mtengo koposa shafiti.

Pano ndicenjeze za cinthu cimene ndafunsidwa kambiri. M'makomo ambiri muli majenereta akufa mbali ya magetsi, injini yace ikali yabwino, ndipo munthu aganiza kuti wapeza injini yaulere. Shafiti ya jenereta njosongoka, yonka nicepa kunsonga, yopanda ngalande ya kiyi, ndipo pule wamba siingagwirepo. Kuonjeza apo injini yace inamangidwa kuti izungulire liwiro limodzi lokha, ndilo ka 3,000 pa mineti m'maiko a magetsi onga athu, ndipo iribe poika waya woonjezera moto. Injini za mapampu a madzi nazonso zambiri ziri ndi shafiti ya mazinga. Zisiyeni pa nchito zao.

Cinthu caciwiri ndi mazunguliridwe. Musanacotse injini yakale, kokani cingwe pang'onopang'ono ndi kulemba mubvi ndi coko pa pule ya giyabokosi, kusonyeza kumene izungulira. Injini zambiri zazing'ono za petulo, mukaima moyang'anana ndi shafiti, zizungulira motsutsana ndi mikono ya koloko, koma si zonse iai. Ndipo mukalakwa apa, thirakita idzayenda cambuyo m'magiya onse akutsogolo. Onaninso ngati injini yakale iri ndi kashafiti kaciwiri pambali pa yaikulu. Makina ena akale anali kutenga giya lobwerera m'mbuyo pa kashafiti kameneko, kamene kazungulira mosemphana ndi yaikulu ndiponso theka la liwiro lace. Injini yatsopano ikakhala yopanda kashafitiko, makina adzayenda kutsogolo kokha, ndipo pa mapeto a mzere uli wonse mudzawakoka ndi msana wanu.

Liwiro lifuna masamu pang'ono, koma ndi masamu a mwana wa sukulu. Pa kambale kacitsulo komamatizidwa pa injini palembedwa kuti izungulira kangati pa mineti imodzi. Za petulo za masiku ano zifika ka 3,600. Zakale zambiri zinali zocedwerapo. Tinene kuti yakale inali ya 2,400 ndipo pule yace inali ya masentimita 12 kupingasa. Mukabveka pule yomweyo pa injini ya 3,600, zonse zidzathamanga kamodzi ndi theka: makasu ozungulira adzasandutsa dothi ufa, ndipo inu mudzalima cothamanga ngati wopirikitsa mbuzi. Curukitsani 2,400 ndi 12, mupeza 28,800. Gawani ndi 3,600, mupeza 8. Pule yofunika nja masentimita 8. Komatu pule iri ndi malire a kucepa kwace. Lamba wa mtundu wa A safuna pule yocepera masentimita 7 ndi theka, ndipo wa mtundu wa B, amene ali wonenepa, afuna ya masentimita 12 kapena 13. Mukacepetsa koposa apo lamba aterereka, atentha, nang'aluka msanga. Potero nkwabwino kukuza pule ya ku giyabokosi, kapena kugula injini yokhala ndi magiya ace ocepetsa liwiro ndi theka. Ena ati, "Ndidzangocepetsa moto." Imeneyo si njira, pakuti injini izi ziziziritsidwa ndi mphepo ya cikupizo cimene cizungulira pamodzi ndi injini, mukaikokesa katundu wolemera iri pa moto wocepa, mphamvu icepa ndi kutentha kucuruka.

Eni mathirakita akulu a ku China, a injini ya dizilo yonga Changchai S195, amve ici. Injini imeneyo nja mahosipawa 12 pa liwiro la 2,000, ndipo ilemera koposa makilogramu 100. GX390 ya petulo, imene ambiri aicha ya mahosipawa 13, ilemera makilogramu ongopitirira 30 pang'ono. Pa pepala zioneka ngati zolingana, koma m'munda nzosiyana kutali. Ya dizilo ipotokola shafiti mwamphamvu ikuzungulira mofatsa, ndipo kulemera kwace ndiko kukanikiza mawilo pansi ndi kulinganiza makasu a kumbuyo. Mukaikapo yopepuka, mawilo adzangopalasa dothi, ndipo kulemera konse kwa makasu kudzagwera m'manja mwanu. Pa makina amenewa dizilo alowedwe m'malo ndi dizilo mnzace.

Tsopano tingafunse za mahosipawa. Nambala yolembedwa pa thanki isakunyengeni. Injini za masisi 196 zimene zigulitsidwa ndi cizindikiro ca 6.5 sizipereka mphamvu yonseyo pa shafiti. A Honda eni ace, poyesa GX200 iri ndi sefa ndi paipi ya utsi, alemba mphamvu yosafika 6. Ndiponso dziko lathu nlokwera. Lusaka ali pa mamita ngati 1,280 pamwamba pa nyanja yamcere, kumene mpweya uli wopyapyala, ndipo injini itaya magawo atatu ndi theka pa 100 ali onse a mphamvu yace pa mamita 300 ali onse okwera. Ndiko kuti ku Lusaka itaya magawo ngati 15 pa 100, ndipo ya 6.5 ija itsala ya mahosipawa ngati 5. Cotero kukwera pang'ono pamwamba pa injini yakale sikuipa. Koma kuwirikiza kawiri nkoopsa: khasu likakodwa pa citsa, injini yocepa ingozima, pamene yaikulu ithyola dzino la giya, ndipo giya la makina akale simudzalipeza m'sitolo.

Tifike pa nchito yeniyeni. Sankhani malo osalala a mthunzi, ndi kuyala saka loikapo mabauti, pakuti nati yogwa mumcenga yapita. Musanamasule kanthu, jambulani zithunzi ndi foni mbali zonse, makamaka mayendedwe a lamba, a mawaya ndi a masipuring'i. Zulani waya wa pa pulagi; tsanulirani petulo ndi oilo m'zitini, kutali ndi moto ndi osuta fodya. Ikani miyala ku mawilo ndi cipika pansi pa zigwiriro, cifukwa injini ikangonyamulidwa, thirakita idzapendekera kumbuyo mwadzidzidzi. Pule yakale ikakana kucoka, ithireni parafini igone naye usiku, ndi kubwereka cokokera mapule kwa makanika. Nyundo iswa pule.

Mabowo a pansi pa injini yatsopano kawirikawiri sakomana ndi akale. Pa GX160 ndi GX200 atalikirana mamilimita 162 mbali yina ndi ngati 80 mbali inzace, ndipo pakati pa shafiti pali mamilimita 106 kucokera pansi. Dindani mabowowo pa katoni ndi kuyerekeza pa thirakita. Akapanda kukomana, pangitsani mbale yacitsulo yocindikala mamilimita 6, ya mabowo otalika, kuti injini ikhoze kusendera kutsogolo ndi kumbuyo pokunga lamba. Thabwa musaikepo, limwa oilo ndi kufota, mabauti namasuka. Musanamange kolimba, gonekani rula yacitsulo kapena cingwe cokungika pa nkhope za mapule onse awiri. Ciyenera kukhudza zonse mofanana. Mapule opotana adya lamba m'mbali sabata lisanathe. Lamba wokungika bwino, mukamkanikiza ndi cala cacikuru pakati, atsika ngati sentimita imodzi. Wakale akacepa kapena kutalika, zengani cingwe m'ngalande za mapule, yesani utali wace, ndi kugula wa mtundu womwewo wolembedwa pamsana pa wakale.

Pali tinthu tiwiri tating'ono timene anthu aiwala, ndipo nditi toopsa koposa zonse ndachulazi. Pa makina ambiri a m'dimba lamba ndiye kilachi: mukafinya cogwirira, kagudumu kakanikiza lamba, makina nayenda, mukaleka, lamba akhwepa, makina naima. Pozinga pule ya injini yakale pali tizitsulo tonga zala, timene tigwira lamba wokhwepayo kuti asakhudze pule. Tizitsulo timeneti tinamangidwa pa nthiti ya injini yakale, ndipo titayika pamodzi nayo. Tikasowa, lamba agwira yekha, kotero kuti mukangokoka cingwe, thirakita inyamuka palibe woigwira, inu muli kutsogolo kwace. Tisamutseni, kapena pindani tatsopano. Kaciwiri ndi swichi yozimira. Ya injini yatsopano iri pa injini pomwepo, kutali ndi manja anu. Talikitsani waya wace kufikira pa cigwiriro, kuti makina akakupanikizani ku mpanda pobwerera m'mbuyo, makasu akuzungulira pafupi ndi mapazi, muzime ndi cala cimodzi. Mukatha izi bwezerani cibvundikiro ca lamba, ndi kuona kuti paipi ya utsi siilozera ku lamba, ku tayala, kapena kumaso kwanu.

Injini yatsopano igulitsidwa yopanda oilo m'mimba mwace. Ndibwereza: yopanda oilo. GX160 ndi GX200 zifuna wopitirira theka la lita pang'ono, ndipo muthire injini iri ciriri pamalo osapendekeka, kufikira oilo afika pakamwa pa bowo lothirira. Zambiri ziri ndi kacipangizo kozimitsa injini oilo akacepa. Pa thirakita kameneka nthawi zina kabvuta, cifukwa makasu akalowa pansi makina apendekeka, oilo nathawira mbali imodzi, injini nizima ngakhale oilo alimo. Ena amangodula waya wace. Ine ndinena kuti yambani mwadzaza oilo bwino ndi kupewa kupendeketsa makina koposa madigiri 20. Ndipo amene adula wayayo adziwe kuti mlonda wa oilo tsopano ndi iye mwini, m'mawa uli wonse.

Lizani injini koyamba lamba atacotsedwa, panja, osati m'nyumba, pakuti utsi wace upha mwakacetecete. Ikalira bwino, zimani, bvekani lamba, kwezani mawilo pa zipika, ndi kuyesa magiya onse, kilachi ndi swichi ija. Kasipuring'i ka gavana, kamene kaletsa injini kupitirira liwiro lace, musakakhudze, angakhale mnyamata wa pafupi akuuzeni kuti adzakuonjezerani mphamvu. Tsiku loyamba limani pofewa, ndipo madzulo mangitsaninso mabauti onse ndi kukunganso lamba, pakuti watsopano atamuka. Pakatha maora 20 tsanulani oilo woyambayo akali wofunda. Mudzaona tinyenyeswa tacitsulo tonyezimira m'menemo, ndipo zimenezo nzacibadwa pa injini yatsopano. Pambuyo pace sinthani pa maora 100 ali onse, kapena msanga koposa m'nyengo ya pfumbi, pamene sefa ya mpweya ifuna kuyang'anidwa tsiku liri lonse. Injini yakale musaigulitse msanga kwa ogula zitsulo zakutha. Isungeni mwezi umodzi kapena iwiri, cifukwa kacitsulo kogwira waya woonjezera moto, kapena bauti ya utali wacilendo, mudzakakumbuka makina atayamba kale nchito.